A Fabiyano, amene anandimetera maliro ndili moyo

Amalume anga a Fabiyano Phiri anamwalira mwezi watha, Lachitatu dzuwa litapendeka, ali ndi ndevu za masiku anayi. Pamudzi ponse panalibe amene anaziwonapo ndevu zimenezo. Ana ankasuzumira pakhomo n'kumafunsana ngati wagona pamphasayo ndi agogo awo kapena mlendo. Zinali zoyera mbee, zolimba, zomera mpaka m'munsi mwa maso, moti ngakhale ife akuluakulu tinadabwa kuti munthu anatibisira zonsezi moyo wake wonse.

Tisanawaike m'bokosi, azimayi anati asapite choncho, angakatikwiyire. Lumo analitenga ndi a Tomasi, mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo Rozina. Ine Lusiyano, mwana wa mlongo wawo weniweni, ndinapatsidwa beseni kuti ndigwire. Ndinaligwira. Koma ndisaname, mtima wanga sunali pa maliro nthawi imeneyo. Ndinkangoyang'ana zala za a Tomasi zikukoka tsaya la amalume, n'kumamva kutentha m'chifuwa, kutentha kumene ndakhala nako zaka zambiri. Ndine bambo wa ana asanu, ndimapita kutchalitchi, koma ndinachita nsanje ndi munthu wometa mtembo.

Abale andipempha kuti, poti ndine ndinapondako kusukulu ya kumishoni, ndilembe mbiri ya mkuluyu. Ndawachenjeza kuti mbiri yolemba ine sikhala yosalala. Munthu ameneyu anandimetera maliro ndili moyo, ndipo mpaka mwezi watha sindinkadziwa ngati zinamupweteka ngakhale pang'ono.

Ali mnyamata, amalume anakagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Wanki. Anzawo anabwerako ndi njinga ndi mabulangete, ena anabwera ndi chifuwa. Iwo anabwera ndi lumo lopinda, la chigwiriro cha fupa, ndi chizolowezi chometa tsiku lililonse. Kwathu kuno, pakati pa Fingoe ndi Malowera, mwamuna ankameta pa Khirisimasi, pa maliro, kapena mkazi wake akadandaula kwambiri. Ndiye anthu ankawaseka, amati a Fabiyano amalima nkhope asanalime munda. Iwo ankangopitiriza kumeta. Ankati munthu wosameta amadzuka theka, theka linalo limatsala pamphasa.

M'mawa uliwonse ankakhala kuseri kwa nkhokwe, pa kampando ka miyendo itatu. Madzi akhale ofunda, osati otentha. Lumo ankalinola pa lamba wachikopa womangirira ku nsanamira, ndipo thovu ankapaka ndi kaburashi kamene anapanga okha ndi ubweya wa kumchira wa ng'ombe. Akayamba, sankayankhula ndi munthu. Tsiku lina mbuzi zinalowa m'munda mwawo, ana akukuwa, iwo ali duu ndi thovu kumaso. Atamaliza anati mbuzi imadya n'kukhuta, koma tsaya likang'ambika palibe telala wolisoka. Bambo mfumu wa kumishoni anadikirapo pa mphasa mpaka tiyi kuzizira.

Malezala a m'kantina, sitolo za amwenye ndi Apwitikizi zija, ankawanyoza kuti ndi a anthu aulesi, amene safuna kuphunzira kunola. Koma chodabwitsa, palibe amene ankadziwa kusankha lezala kuposa iwo, ndipo aliyense wopita ku Fingoe ankayamba wadzera kwa iwo. Ankati usagule lezala limene mwini kantina walivula kale pepala. Pepala lake ukaligwira lizimveka kamafuta. Ulinunkhize, likamveka dzimbiri ndiye kuti lagona pa chinyezi, lisiye ngakhale akutsitsire mtengo. Usaliyese pa chala, yesa pa cheya cha pamkono. Lezala limodzi, nkhope imodzi, za kubwerekana ayi. Ukamaliza lipukute, ulisunge m'kabotolo ka mafuta a nsatsi. Anthu ankamvetsera ngati ali pa katekisimu, kenako n'kukagula loyamba limene aliwona.

Pa sabawo, amene anzathu a ku Malawi amati sopo, ndiye panali nkhani. Wamtanda wochapira zovala ankati amaumitsa khungu ngati chikopa cha ng'oma. Wonunkhira wa azimayi ankati thovu lake limathawa lumo lisanafike. Iwo ankafuna kamtanda koyera kometera, kokulunga m'pepala lonyezimira, kamene kankapezeka ku Fingoe mwa apo ndi apo. Kamodzi kankawafikitsa kuchoka kukolola kuno mpaka kukolola kwina. Nkhondo itatseka misewu, Apwitikizi n'kuyamba kuwerenga sabawo ndi mchere poopa kuti zikupita kwa ankhondo a m'tchire, amalume ankasinja masamba oterera a chewe n'kumameta nawo. Ankameta bwinobwino, koma kudandaula kwake mpaka madzulo.

Lumolo ankalichitira nsanje kuposa mkazi. Malemu akazi awo, a Nabanda, ankanena poyera kuti iwo ndi mkazi wamng'ono pakhomopo, wamkulu amagona m'kachikwama kachikopa. Tsiku lina a Nabanda anadulira ulusi lumolo. Amalume anaona kobenthuka kakang'ono pakuthwa pake, kamene munthu wina sakanaona ngakhale atavala magalasi. Sanamenye munthu, sanatukwane. Anangosamukira kwa mlongo wawo, amayi anga, n'kumadya kumeneko sabata yathunthu, mpaka ankhoswe analowererapo. Nkhani ya ulusi inakambidwa ngati ya chigololo.

Chaka chimene nkhondo inafika kwathu, diso lawo lamanzere linayamba ng'ala, dzanja nalo n'kumanjenjemera m'mawa. Tsiku lina anadzicheka pansi pa khutu, pang'ono chabe, koma anakhala tsiku lonse osadya. M'mawa mwake anatiitana awiri, ine ndi a Tomasi, amene anali atangobwera kumene kuchokera kwawo ku Chipera kudzakwatira Rozina. Anatipatsa aliyense mphonda yanthete, ya cheya chake, anaipaka thovu n'kunena kuti timete.

Ine ndinaseka. Ndinkadziwa kuti lumo ndi langa kale, poti za malume amalowa ndi mwana wa mlongo. Ndinameta mwachangu, moyerekedwa, mphonda yanga n'kutuluka madzi malo atatu. A Tomasi anatenga nthawi yoti nyemba zikanapsa, lilime lili panja, thukuta lili kamukamu. Yawo inasalala yonse popanda pokandika.

"Iwe Lusiyano," anatero amalume, "uli ndi manja a munthu wofuna kutamandidwa. Awa ali ndi manja a munthu wamantha. Pakhosi panga ndikufuna wamantha."

Kuyambira tsiku limenelo ankawameta ndi a Tomasi. Kwathu mkamwini sagwira ngakhale chipewa cha apongozi ake, akakumana nawo panjira amapatuka. Koma uyu ankawagwira chibwano, kuwatembenuza mutu uku ndi uku, kuwakoka mphuno. Ndipo munthu amene sanayankhepo bambo mfumu ali ndi thovu kumaso anayamba kumanong'onezana ndi mkamwini, n'kumaseka chapansipansi kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinkadutsa ndi khasu paphewa ngati sindikuwona. Ndinkawona zonse. Ndinkalakalaka a Tomasi atawacheka tsiku limodzi, pang'ono pokha. Sanawachekepo.

Nditapeza ntchito ku damu lalikulu limene Apwitikizi ankamanga pa Zambezi, ndinati tsopano awona. Ulendo woyamba wobwera kumudzi ndinawagulira paketi ya malezala khumi ndi timitanda tiwiri ta sabawo wometera uja. Ndinasankha motsatira zonse zimene ankaphunzitsa, mpaka mwini sitolo anandifunsa ngati ndabwera kudzagula kapena kudzanunkhiza. Amalume anatembenuza paketiyo, anagwira pepala, ananunkhiza.

"Wasankha bwino," anatero. Ndinamwetulira. Kenako anaimirira n'kuisomeka kudenga. "Awa tisungira alendo. A Tomasi, tengani sabawoyu mukaike pouma."

Mphatso yanga inathera m'manja mwa a Tomasi ine ndili pomwepo.

Ulendo wachiwiri ndinabwera patapita miyezi isanu. Ndinatsika lole ku Fingoe n'kuyamba wapansi. Pamudzi wina tisanafike kwathu, mayi wachikulire amene ankandidziwa anandiwona pachitsime. Anaponya ndowa pansi n'kuthawa akukuwa. Bambo wina anaima patali, mkono uli pakamwa, n'kufunsa kuti, "Lusiyano, ndiwe kapena ndi mzimu wako?" Ndinayesa nthabwala. Nditafika kwathu ndinapeza mkazi wanga Mariya ali ndi tsitsi lalifupi, longomera kumene. Amayi chimodzimodzi. Rozina, ana, azibambo, mitu yonse yofanana. Ndinafunsa kuti wamwalira ndani, bwanji sananditumizire uthenga. Palibe amene anandiyang'ana kumaso. Mariya ndiye anati, "Ndinu."

Zimene zinachitika ndinazimva kwa Mariya ndi Rozina, zina kwa a Tomasi eni ake patapita zaka.

Masiku amenewo anyamata a m'tchire, ankhondo athu aja, ankabwera m'midzi kudzatenga amuna amphamvu kuti akawasenzere katundu kuchokera kumalire a Zambia. A Tomasi anapita, ndipo anakhala masabata atatu. Atropa, asilikali a Apwitikizi, anali ataphunzira kuyang'ana pamutu. Munthu akasenza bokosi lolemera masiku ambiri, nkhata imadya tsitsi pa liwombo, pamatsala kadazi ndi chilonda. Akapeza mwamuna wa kadazi kotero ankamukweza galimoto, ndipo obwerako anali ochepa.

A Tomasi anafika dzuwa likutuluka, ndevu zili nyankhalala, pamutu pali kadazi kofiira. Asanamwe ndi madzi omwe, mayi wina anabwera wefuwefu kudzanena kuti atropa agona pasukulu ya mudzi woyandikana nawo, akuwerenga amuna, ndipo afika kwathu dzuwa lisanakwere. Atropawo anali ndi sipayo, wapolisi wachikuda wa ku Fingoe, amene ankatidziwa tonse maina. Kuthawa sikukanatheka, poti dzina losowa mwini nalonso linali mlandu wa mudzi wonse. Kumeta a Tomasi okha mpala sikukanathandiza. Mwamuna mmodzi wometa kumene pakati pa anthu atsitsi, sipayo akanangoloza chala.

Amalume anayang'ana mutu wa mkamwini wawo nthawi yaitali. Kenako anawauza kuti atseke pakamwa, chilichonse chimene amve. Anayenda mpaka pakhomo pa amayi anga, anavula chipewa, n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Mlongo wanga, limba mtima. Lusiyano wafa ku damu. Mwala unamugwera, anamuika komweko. A Tomasi akumana ndi mnzake wa kuntchito panjira."

Amayi anakuwa mpaka agalu anathawa. Mariya anagwa pansi ali ndi mwana kumsana. Sankachita sewero, anakhulupirira. Anthu anathamangira pabwalo, maliro anabuka, ndipo pakati pa kulirako amalume analamula kuti kumeta kuchitike nthawi yomweyo. Mayi wina wachikulire anakana. Anati maliro sitinagone ngakhale tsiku limodzi, timeta bwanji, mwambo wa kuti umenewo?

"Atropa ali panjira," anayankha amalume. "Mawa mwina tidzakhala tili kwina. Mwanayu timumetere lero."

Lumo limodzi silikanatha mitu yonseyo. Anasolola paketi yanga ija kudenga, anathyola lezala lililonse pakati, n'kugawira aliyense wodziwa kugwira. Sabawo wanga yense, timitanda tonse tiwiri, anamusungunula m'beseni limodzi. Munthu amene ankati lezala limodzi nkhope imodzi, tsiku limenelo kachidutswa kamodzi kanayenda mitu itatu. Iwo anayamba ndi a Tomasi, ndi lumo lenileni, ndevu ndi mutu womwe. Kenako anameta amayi, kenako Mariya. Ndipo mmisiri amene sanatulutsepo munthu magazi anacheka dala. Anacheka amayi anga pa liwombo, anachekanso azibambo atatu ndi mtsikana mmodzi, onse pamalo omwewo, kuti chilonda cha a Tomasi chisakhale chokha. Omalizira kumetedwa anali iwo.

Atropa anapeza mudzi wa mipala, azimayi akugubuduka m'fumbi. Mkulu wawo, mnyamata wachipwitikizi, anaima chapatali ndi buku lake. Sipayo anandandalitsa amuna n'kumayenda kumbuyo kwawo akuyang'ana pamutu. Atafika pa a Tomasi anaima.

"Apa bwanji?"

"Dzanja langa limenelo," anatero amalume. "Ndakalamba. Taonani mlongo wanga ndamuchekanso, awonso, awonso."

Sipayo anaseka. "A Fabiyano kucheka munthu? Ku Fingoe konse amadziwa kuti inu mungamete dzira osaliswa."

"Wafayu ndi mwana wa mlongo wanga, amene akanalowa dzina langa. Ndinamulera pamiyendo panga. Inu dzanja lanu silikananjenjemera?"

Sipayo anayang'ana amayi anga, amene anali atasasa mawu ndi kulira, n'kupitirira. Mpwitikizi uja anafunsa dzina la wakufayo, analipeza m'buku, n'kulemba kamtanda pambali pake. Anachoka osatenga munthu.

Mawu amene amalume anauza sipayo aja, Rozina anandibwerezera katatu, akuyesa kuti andisangalatsa. Anandiwawa kuposa zonse. Kwa ine sanawanenepo. Anawanena kamodzi kokha, kwa sipayo, pa tsiku la bodza, pofuna kupulumutsa a Tomasi. Ndikanadziwa bwanji ngati mawu amenewo sanali bodza nawonso?

Amayi anauzidwa zoona dzuwa litapendeka. Akuti sanakuwe. Anangogwira chilonda chawo pamutu n'kunena kuti, "Achimwene, mwandiliritsa mwana wamoyo." Kuyambira pamenepo sanayankhulenso nawo maso ndi maso. Akafuna kunena kanthu ankatuma Rozina, ngakhale atakhala pa mphasa imodzi.

Ine kwathu ndinagona masiku awiri okha, ndili m'nyumba ngati mbava. Tsiku lachitatu amalume analowa, atameta kale, akununkhira chewe.

"Uwoloke upite ku Zambia," anatero. "Sipayo akakuwona, tonse tatha."

"Ntchito yanga?"

"Wakufa sagwira ntchito."

Ndinadikira kuti anene china. Anangondiyang'ana chibwano n'kunena kuti ndikumeta mobwerera, n'chifukwa chake ndikutuluka tiziphuphu. Kutsazikana kwathu kunali kumeneko. Mariya ananditsatira patapita miyezi. Chaka chotsatira atropa anasamutsira mudzi wonse ku aldeyamento, mudzi wa mpanda wa waya umene ankaunjikamo anthu kuti asadyetse a m'tchire, ndipo nyumba zathu anazitentha. Amayi anamwalirira kumeneko. Uthenga unandipeza patapita miyezi itatu. Amayiwo anandimetera ine wamoyo, ine sindinawametere iwo atafadi.

Nkhondo itatha tinabwerera, anthu anamanganso pamabwinja. Ndinapeza amalume atakalamba, koma kampando kali kuseri kwa nkhokwe yatsopano, a Tomasi ali chiweramire ndi lumo. Akuti ngakhale ku aldeyamento, kumene madzi ankachita kulimbirana, sanadumphitse tsiku. Ankasiya madzi akumwa kuti ametere. Chimene chinasintha ndi kutchalitchi. Munthu amene ankakhala kutsogolo anayamba kukhala pa benchi yomalizira, ndipo ku Ukaristia sankapita. Katekisiti atawafunsa, anati mwendo ukuwawa.

Tinkakangana pa zinthu zopanda pake, malire a munda, mbuzi, kamangidwe ka khola. Anthu ankati tonse ndife ouma mutu. Koma pansi pa zonsezo panali funso limodzi, ndipo tsiku lina ndinapita nalo kuseri kwa nkhokwe, thovu lili kumaso kwawo, dala.

"Amalume, muli ndi mwana wanu Zuze ku Halale. Anapita kalekale, sanalembepo kalata. Bwanji simunatchule iyeyo? Bwanji ine?"

A Tomasi anaimitsa lumo m'mwamba. Amalume anawakodola kuti apitirize, ndipo sanayankhe mpaka tsaya lachiwiri litatha n'kupukutidwa.

"Zuze akanamulira ndani? Amake anafa, ana sakumudziwa. Ine ndinkafuna misozi yeniyeni. Iwe anthu amakukonda, misozi inabwera yokha."

"Nanga inu munalira?"

"Wogwira lumo salira. Angacheke anthu."

"Koma munachekatu anthu tsiku limenelo."

Anatseka maso n'kukweza chibwano kuti a Tomasi amalize pakhosi. Nkhani inathera pomwepo. Ena anandiuza kuti ndizithokoza, poti kamtanda ka m'buku kaja kanandipulumutsa, anzanga ambiri a msinkhu wanga anagwidwa kukalowa usilikali wa Apwitikizi. Mwina n'zoona. Koma amalume sankaganiza zimenezo m'mawa uja. Ankaganiza za mutu wa a Tomasi. Anandisankha monga mmene ankasankhira lezala, kuyang'ana limene ligwire ntchito.

Matenda awo omaliza anayamba a Tomasi ali ku Chipera, kumene anakawona mlongo wawo wodwala. Tsiku loyamba amalume anagona osameta. Lachiwiri ndinatenthetsa madzi, ofunda osati otentha, ndinasinja chewe, n'kulowa.

"Amalume, ndikumeteni."

Anandiyang'ana ndi diso lawo labwino lija, nthawi yaitali. Ndinaona ngati avomera. Kenako anatembenukira kukhoma.

"A Tomasi abwera."

Madziwo ndinakathira pa nthochi. A Tomasi anabwera tsiku lachinayi, anapeza tikuwatseka maso. Ndevu zija zinachokera pamenepo.

Titaika maliro ndi kumeta, akuluakulu anati nyumba yawo igwetsedwe monga mwa mwambo, poti mwini wake wapita ndipo mkazi palibe. Anyamata akusasula denga anapeza kamphika kosomeka pamwamba pa mtanda, kotsekedwa ndi chikopa, komata ndi phula la njuchi. Wina anati ndi mankhwala, wina anafuna kukaswa. A Tomasi anathamanga, ukalamba wonse kuiwala, n'kukalanda. Anandikodola kuti tipite kuseri.

"Aka n'kanu," anatero. "Tsegulani nokha."

Munali tsitsi. Lodzaza mpaka pakamwa, louma, lakuda losakanikirana ndi la imvi, tina tofewa ta ana. Kwathu tsitsi la maliro silisungidwa. Amalisesa lonse n'kukalikwirira, ndipo likalowa m'nthaka ndiye kuti wakufayo tatsazikana naye, sabwereranso.

"Ndi la tsiku lija," anatero a Tomasi. "Atropa atachoka apongozi anasesa okha, sanalole mkazi kugwira tsache. Anati likakwiriridwa Lusiyano afadi, ndipo adzakhala atamupha ndi iwo. Popita ku aldeyamento anasiya makasu, anasiya mphasa, koma aka anandisenzetsa. Pobwera ndinasenzanso ndine."

Ndinapisa dzanja. La imvilo lina linali la amayi anga. Ndinakhala pansi. Koma ndine munthu woipa mtima, ndivomere. Misozi isanatuluke, nsanje inali itafika kale. Ngakhale ichi, chinthu changa, cha moyo wanga, anadziwa ndi a Tomasi zaka zonsezi, ine ayi.

"Bwanji sanandiuze?"

"Inu mumawadziwa. Akanayambira pati?"

"Nanga analira? Inu munalipo, munaona zonse. Analira?"

A Tomasi anakanda pamutu. "Chimenecho sindikudziwa. Atasesa analowa nalo m'nyumba. Ine ndinawatsatira kuti ndiwathandize kumata, koma anandibweza pakhomo. Anati, izi si zanu. Anatseka chitseko, ndipo sanatuluke mpaka dzuwa kulowa."

"Anati bwanji?"

"Anati, izi si zanu."

Ndinawapempha kuti anenenso kachitatu, ndipo ananena, akundiyang'ana ngati ndapenga. Pamenepo ndiye ndinalira maliro a amalume anga, patatha masiku asanu chiwaikireni.

Kamphikako kali kudenga kwanga tsopano, ndipo ndauza Mariya kuti kadzatsike tsiku limene ndidzafedi. Pamene panali nyumba ya amalume patsala bwalo lozungulira la dothi lotsika. Mitengo anagawana anyamata, udzu anatenga Rozina kukafolera khola. Maenje a nsanamira ayamba kudzaza ndi mchenga, ndipo nkhuku zakumba pamene panali mphasa, zimasamba fumbi pamenepo masana. Mvula ikagwa kawiri sipadzadziwikanso. Koma pamene panali khomo pakuonekabe, kamzere ka dothi lolimba, losalala ndi mapazi. M'mawa a Tomasi amabwera, amaima kunja kwa kamzereko manja ali kumbuyo, osadziwa chochita nawo. Ine ndimawapatsa moni, ndimadumpha kamzereko, n'kukakhala pansi mkati.